LIWU LIMODZI, NJIRA ZAMBIRI: TANTHAUZO NDI NTCHITO ZA LIWU LOTI "MOVE"

 Lero tikambirana za liwu limodzi lokha la Chingerezi, liwu la zilembo zinayi, loti "move". Ndi liwu limene ngakhale mwana wa Sitandade 4 amalidziwa. Komabe liwuli lili ngati mtsinje wa Bua m'nyengo ya dzinja: pamwamba pamaoneka podekha, koma wanzeru sawoloka asanayese madzi ndi ndodo.

Ndiyambe ndi zimene zidandichitikira ine mwini. Nditangotsiriza maphunziro a uphunzitsi adanditumiza ku sukulu ina ya m'mapiri a ku Ntchisi, kumene m'mwezi wa Juni nkhungu imakuta madenga mpaka dzuwa litakwera. Tsiku lina ndidalemba pa bolodi chiganizo ichi: "The chief's speech moved the whole village." Ndidauza ana kuti achimasulire m'Chichewa. Pafupifupi onse adalemba kuti, "Mawu a mfumu adasamutsa mudzi wonse." Mtsikana wina adaimika mkono nafunsa ndi nkhope yodandaula, "Aphunzitsi, nanga anthuwo adalowera kuti?"

Ndidaseka, koma usiku ndili ndekha ndidazindikira kuti cholakwa sichidali cha ana. Ndine amene ndidawaphunzitsa sabata yapitayo kuti "move" ndi kusamuka, ndipo ndidalekera pomwepo. Chiganizo chija chimatanthauza kuti mawu a mfumu adakhudza mitima ya anthu onse a m'mudzimo. Palibe ndi mmodzi yemwe adasenza mtondo kapena kupinda mphasa.

Gwero la vutoli ndi ili. Ife tili ndi mawu ambiri: kusuntha, kusendera, kugwedezeka, kusamuka, kusamutsa, kukhudzidwa. Mngerezi adalonga zonsezi m'thumba limodzi. Tsono womva Chingerezi akakumana ndi liwuli ayenera kudzifunsa mafunso awiri: kodi chikusuntha n'chiyani, nanga akuchisuntha ndani? Mafunso awiri amenewa ndiwo ndodo yathu yoyesera madzi lero.

KATCHULIDWE NDI KUMENE LIDACHOKERA

Liwuli limalembedwa ndi "o", koma "o" ameneyu amatchulidwa ngati "u" wathu wokoka pang'ono. Ife timakonda kunena kuti muvu, chifukwa lilime lathu silidazolowere kutsiriza liwu popanda lembo la liwu. Mngerezi amaimira pa "v" pomwepo. Chenjerani ndi mawu awiri oti "love" ndi "stove": kalembedwe kake n'kofanana ndi ka liwu lathuli, koma onse atatu amatchulidwa mosiyana. Chingerezi chili ndi misampha yotere yambiri, ndipo mankhwala ake ndi kutchera khutu basi.

Liwu lonena za kusunthali nalonso lidayenda ulendo wautali. Kholo lake ndi liwu la Chilatini loti "movere". Kuchokera ku Chilatini lidalowa m'Chifalansa. M'chaka cha 1066 Anomani ochokera ku France adagonjetsa dziko la England, ndipo kwa zaka zambiri Chifalansa ndicho chidali chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi cha m'mabwalo a milandu. Kudzera m'njira imeneyi liwuli lidakhazikika m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1200.

Kholo lomwe lija lidabala ana ambiri amene timawamva tsiku ndi tsiku. "Motor" ndi chinthu choyendetsa makina. "Mobile" ndi chinthu chimene chingathe kunyamulidwa kapena kuyenda, monga foni ya m'manja kapena chipatala choyendayenda chimene chimafika m'midzi. "Remove" ndi kuchotsa. "Promotion" ndi kusunthidwira patsogolo pa ntchito, kumene ife timati kukwezedwa, ndipo "demotion" ndi kutsitsidwa. Rimoti ija timalimbirana ndi ana madzulo ndi ya mtundu womwewu, pakuti "remote" ndi chinthu chimene chili kutali. Koma musanyengedwe ndi njinga yamoto. Moto wa m'mawu amenewa ndi wathu womwe uno wophikira nsima, sudachokere ku Roma ayi.

Pali mwana wina wa m'banjali amene amaseketsa. Mnyamata wa pa Mponela akauza agogo ake kuti akupita kukaonera muvi, agogowo angadabwe kuti uta wake uli kuti, mwinanso kumuchenjeza kuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Koma mnyamatayo akunena "movie", chidule cha mawu otanthauza zithunzi zoyenda. Chodabwitsa n'chakuti liwu lathu loti kanema nalonso lili ndi chiyambi chofanana. Lidachokera ku "cinema", ndipo muzu wake ndi liwu la Chigiriki lotanthauza kusuntha. Pamene abale awiri a banja la Lumière adayamba kuonetsa zithunzi zotere kwa anthu olipira mu mzinda wa Paris m'chaka cha 1895, chimene chidazizwitsa anthu chidali chomwecho: chithunzi chikusuntha.

TANTHAUZO LOYAMBA: KUSUNTHA

Tanthauzo la pansi penipeni ndi kuchoka kwa chinthu pamalo pamene chidali, ngakhale pang'ono chabe. Apa Chichewa ndi Chingerezi zimagwirizana bwino. Ife timati "sunthani mpando", timatinso "mpando wasuntha". Mngerezi naye amati "move the chair", amatinso "the chair moved". Aphunzitsi a malamulo a chiyankhulo anganene kuti mneniyu amagwira ntchito ziwiri, monga woyambukira ndiponso monga wosayambukira.

Wojambula chithunzi cha chiphaso, kapena dokotala wounika chifuwa ndi makina, akanena kuti "don't move", sakukuletsani kusamuka pamudzi. Akuti musagwedezeke. Timawu ting'onoting'ono totsatira liwuli ndito timasonyeza kolowera. Mukakwera minibasi pa Mponela kulowera ku Ntchisi, kondakitala amati, "Senderani uko amayi, pakhale anthu anayi." Kusendera kumeneku ndiko "move over". "Move back" ndi kubwerera m'mbuyo, "move forward" ndi kusendera kutsogolo, "move aside" ndi kupatuka kuti wina adutse.

Msampha waukulu kwa ife uli pa liwu lathu loti kuyenda. Ana ambiri amaganiza kuti paliponse pamene ife tinena kuyenda, Mngerezi amati "move". Sizili choncho. Munthu woyenda pansi, iwo amati "walk". Madzi oyenda mumtsinje amati "flow". Wotchi kapena injini ikamayenda amati "run" kapena "work". Mlendo woyenda ulendo wautali amati "travel". Ndipo pofunsa mnzanu kuti zikuyenda bwanji, liwu lake ndi "go": "How is it going?" Apa zinthu zatembenuka: ife ndife tili ndi thumba limodzi, iwo ali ndi mawu ambiri. Malo amodzi amene timakumana ndi pamsika. Wogulitsa mbatata akati malonda akuyenda, wamalonda wa ku London angamumvetse, pakuti nayenso amati "the goods are moving".

TANTHAUZO LACHIWIRI: KUSAMUKA

Munthu akanena kuti "we are moving to Madisi", ndiye kuti akusamuka ndi banja lake, mbale ndi mabulangete omwe. Kulowa m'nyumba yatsopano ndi "move in", kutulukamo ndi "move out", ndipo kuchoka m'dera lonse ndi "move away". Mwamuna wa chikamwini amene wakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, Mngerezi anganene kuti "he moved to his wife's village". Mkazi wa chitengwa, chimene n'chofala m'midzi yambiri ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, anganenedwe ndi liwu lomwelo. Taonani kuti liwu la Chingerezi silikuuzani kanthu za mwambo, za ankhoswe, kapena za mwini mbumba amene adavomereza. Likungonena kuti munthu adali uku, tsopano ali uko.

Mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi akadakhala ndi pakamwa akadatiphunzitsa bwino tanthauzo limeneli, chifukwa aona misamuko yambiri. Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo patapita zaka gulu lina la iwo, lotsogozedwa ndi Chiwere, lidadzakhazikika m'mapiri a ku Dowa. M'masiku a nkhondo amenewo Achewa ambiri adathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. M'chaka cha 1889 abusa awiri ochokera ku South Africa, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, adatsegula mishoni pa Mvera m'dziko la Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake adatsegula ina pa Kongwe. Pambuyo pake likulu la mishoniyo lidasamukira ku Nkhoma. Mabuku a mbiri olembedwa m'Chingerezi amagwiritsa ntchito "move" pa zonsezi: pa ankhondo ofuna dziko, pa othawa ofuna pobisala, ndi pa alaliki ofuna poyambira ntchito. Ngakhale boma limasamuka. Likulu la dziko lino lidachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ngakhale kuti Nyumba ya Malamulo idatsalira ku Zomba mpaka 1994.

Pa tanthauzo lomweli pali mawu awiri amene amayi amasiye ndi ana amasiye ayenera kuwadziwa, chifukwa amapezeka m'makalata okhudza chuma cha masiye. "Movable property" ndi katundu wonyamulika kapena wokuseka: njinga, ngolo, mipando, ng'ombe, ndalama. "Immovable property" ndi chuma chosasunthika, monga malo ndi nyumba yomangidwapo. Munthu asasayine kapena kudinda chala pa pepala lokhala ndi mawu amenewa asanamufotokozere kuti akunena katundu uti. Safunsa adadya phula.

KUSAMUKA NDI KUSAMUTSIDWA

Tsopano tafika pamene madzi azama. Mverani ziganizo ziwiri izi: "They moved." "They were moved." Kusiyana kwake ndi kaliwu kamodzi koti "were", kamene wowerenga nkhani wothamanga angathe kukameza osamveka. Koma choyamba chikuti adasamuka, chachiwiri chikuti adasamutsidwa. M'choyamba anthuwo adaganiza okha, namanga katundu wawo. M'chachiwiri alipo wina amene adawaganizira. Chichewa chimaonetsa zimenezi poyera mkati mwa liwu lenilenilo, kotero kuti palibe Mchewa angasokoneze kusamuka ndi kusamutsidwa. M'Chingerezi muyenera kutchera khutu.

Mphunzitsi kapena wapolisi aliyense amakudziwa kusiyana kumeneku, pakuti kalata ikafika yoti achoke pa Dowa apite ku Nthondo, iye amati "I have been moved". Koma kuti timvetse kulemera kwake kwenikweni, tiyeni tipite ku Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Lilongwe. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi malo amenewa adali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale. M'chaka cha 1994 adasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo, ambiri mwa iwo ochokera ku Democratic Republic of Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Msasawo adaukonzera anthu apakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika chaka cha 2023 udali ndi anthu oposa 50,000.

M'kupita kwa zaka ena mwa anthuwa adatuluka mumsasa nakakhala m'mizinda ndi m'malo a malonda, kumene adatsegula magolosale, ena mpaka kukwatira ndi kukwatiwa komweko. M'mwezi wa Malichi 2023 boma lidalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo, ndipo m'mwezi wa Meyi apolisi adayamba kugwira otsalira ndi kuwanyamula pa magalimoto. Boma lidati likutsata lamulo: pamene dziko lino lidalowa m'pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, m'chaka cha 1987, lidanena kuti likusunga mphamvu yosankha kumene anthu otere azikhala. Mabungwe oona za ufulu wa anthu adatsutsa, nakumbutsa za gawo 39 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapatsa munthu ufulu woyenda ndi wokhala kumene afuna m'dziko muno. Ufulu umenewu m'Chingerezi umatchedwa "freedom of movement".

Si ntchito yathu pano kuweruza mlandu umenewo. Ntchito yathu ndi ya mawu. Taganizani alembi awiri akulemba za tsiku limodzi lomwelo. Wina alemba kuti "the families moved to Dzaleka", mnzake alemba kuti "the families were moved to Dzaleka". Wowerenga wa kutali akaona chiganizo choyamba aganiza za banja limene lapeza malo abwino. Akaona chachiwiri afunsa kuti, adawasamutsa ndani, ndipo chifukwa chiyani? Kaliwu kamodzi kangathe kubisa kapena kuulula magalimoto, misozi ndi masitolo otsekedwa.

Sindikunena kuti kusamutsidwa n'koipa nthawi zonse ayi. Pamene namondwe wa Freddy adagwa m'chigawo cha kummwera m'mwezi wa Malichi 2023, anthu ambiri adapulumuka chifukwa chakuti adasamutsidwira kumtunda ndi m'misasa. Wodwala wosamutsidwa kuchoka pa chipatala chaching'ono kupita ku chachikulu amathokoza. Chimene ndikunena n'chakuti mukamva "were moved", musalekere pomwepo. Funsani kuti adawasuntha ndani, ndipo eni akewo adafunsidwa kodi? Dziko lathu lidasungapo abale a ku Mozambique okwana pafupifupi miliyoni imodzi pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, ndipo ana athu ambiri lero ali ku Johannesburg kumene nawonso amatchedwa alendo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake tiyenera kusamala ndi mawu amene timanenera kuyenda kwa anzathu.

TANTHAUZO LACHITATU: KUKHUDZA MTIMA

Tibwerere kwa mtsikana wanga wa ku Ntchisi uja. Kwa Mngerezi mtima nawonso umasuntha. Munthu akanena kuti "I was moved by the song", sakunena kuti nyimbo idamukankha. Akuti idamukhudza, idamulowa mumtima. "A moving story" si nkhani yoyenda, koma nkhani yogwira mtima, yomvetsa chisoni kapena chifundo. "Moved to tears" ndi kukhudzidwa mpaka kugwetsa misozi. Liwu loti "emotion", limene limanena za chimwemwe, mkwiyo, mantha ndi chisoni, ndi la banja lomwe lija la Chilatini.

Mungazindikire bwanji tanthauzo limeneli? Bwererani ku funso lathu lachiwiri: akusuntha ndani? Ngati wosunthayo ndi galimoto, apolisi kapena madzi osefukira, ndiye kuti ndi thupi limene lasuntha. Ngati ndi nyimbo, ulaliki, kalata kapena kulira kwa mwana wamasiye, ndiye kuti ndi mtima. Mawu a mfumu alibe mapewa osenzera mudzi.

Pafupi ndi tanthauzo limeneli pali "move on". Wapolisi akauza anthu ounjikana pa ngozi kuti "move on", akuti balalikani, pitirizani ulendo. Koma achinyamata a masiku ano amagwiritsanso ntchito mawuwa ponena za kuiwala zakale, chibwenzi chikatha kapena mayeso akavuta. Ndikupempheni, ana anga, kuti mawu amenewa musapite nawo pa maliro. Kuuza namfedwa kuti "move on" maliro asanametedwe n'komwe kuno kwathu timati kusowa mwambo, ndipo ngakhale kwa eni chiyankhulo kumamveka kouma mtima.

TANTHAUZO LACHINAYI: PA MSONKHANO NDI PA BAWO

Inu a m'makomiti a sukulu, a m'makalabu a alimi ndi a m'mabungwe a mpingo, tcherani khutu apa. Munthu akaimirira pa msonkhano nati, "Mr Chairman, I move that we buy ten bags of fertiliser", sakupempha kuti asunthe mpando wake. Akupereka ganizo loti msonkhano ulikambirane ndi kuligamula. Ganizolo limatchedwa "motion", wolipereka ndi "mover", ndipo pamafunika wachiwiri wolivomereza, amene ife tidazolowera kunena kuti wasekonda. Ku Nyumba ya Malamulo nduna ikabweretsa bilu imayankhula motere, ndipo aphungu amakambirana asanavote.

Chofunika kuchigwira ndi ichi: ganizo loperekedwa si ganizo lovomerezedwa. Mlembi akalemba m'buku la msonkhano kuti "moved and seconded", ndiye kuti nkhani yangoikidwa pabwalo. Ikavomerezedwa amalemba "carried" kapena "passed". Msungichuma amene angatulutse ndalama za kalabu atangoona "moved" m'bukumo adzayankha mlandu pamaso pa anzake, ndipo kusadziwa Chingerezi sikudzamupulumutsa.

Liwuli limagwiranso ntchito ngati dzina. Amuna awiri akakhala pa bawo pansi pa mtengo, kusewera kumodzi kwa aliyense ndi "a move". "It is your move" ndiye kuti bawo ili kwa inu, sewerani. Kuchokera pa masewera otere tanthauzoli lidafalikira ku moyo wonse. Mlimi amene wabzala soya ndi mtedza pambali pa fodya, mitengo ya fodya n'kugwa chaka chimenecho, anzake anganene kuti adachita "a wise move", kunena kuti adaponya bwino. Ndipo mlendo akayang'ana dzuwa nati "I must make a move", akutsazika, akuti ndilowe m'njira kusanade.

"MOVEMENT": LA KUCHIPATALA NDI LA PABWALO

Dzina lalikulu lochokera ku liwu lathuli ndi "movement", ndipo nalonso lili ndi nkhope zingapo. Ku sikelo ya amayi oyembekezera namwino akafunsa za "movement", akufuna kudziwa ngati mwana akusewera m'mimba. Limeneli ndi funso la moyo, ndipo mayi akaona kuti mwana wachepetsa kapena waleka kusewera ayenera kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala akafunsa za "bowel movement", pepani omvera, akufunsa mwaulemu ngati mwadzithandiza. Apa Mngerezi akuchita zimene ifenso timachita, kuzungulira nkhani yochititsa manyazi.

Pabwalo, "movement" ndi gulu la anthu ambiri oyenda ndi cholinga chimodzi. Gulu la masikauti, limene Robert Baden-Powell adaliyambitsa ku England mu 1907, limatchedwa ndi dzina limeneli. Chimodzimodzinso gulu la anthu akuda a ku America omenyera ufulu wawo, limene Martin Luther King adali mmodzi wa atsogoleri ake. Kuno kwathu chilembo chotsiriza m'dzina la chipani cha UTM, chimene malemu Saulos Chilima adachikhazikitsa mu 2018, chidachokera ku liwu lomweli. Amene amasankha dzina lotere amafuna kunena kuti iwo si ofesi yongokhala, koma khamu limene lili pa ulendo.

CHINGEREZI CHATHUCHATHU

Pomaliza tinene za ana amene liwuli lidabereka kuno kwathu. Mayi wa ku Malawi akadandaula kuti mwana wake "is moving with thieves", tonse timamva kuti akuyenda ndi mbava. Tikamva kuti mwamuna wina "is moving with" mkazi wa mwini, timadziwa kuti nkhani yafika kwa ankhoswe. Chimenechi ndi Chichewa chovala jekete la Chingerezi. Mngerezi wa ku England angaganize kuti anthuwo akusamukira limodzi. Iye anganene "keeping company with" kapena "going out with".

Palinso liwu loti "movious", limene limamveka kuno ndi ku Zambia, kutanthauza munthu woyendayenda, wosakhazikika pakhomo. Mukalinena ku London adzakuyang'anani kukamwa. Kodi tilitaye? Ine ndikuti ayi. Chiyankhulo chikafika pamudzi chimadya nsima ya pamudzipo, ndipo liwuli limanena bwino lomwe chimene tikufuna kunena. Koma mwana wa sukulu adziwe kuti malaya a kudimba sapita nawo ku ukwati. Pocheza ndi anzake anene "movious" momwe angafunire. Pa mayeso a Fomu 4 ndi m'kalata yofunsira ntchito alisiye pakhomo.

Tsono, omvera, tiyeni timange mtolo wathu. Mukakumana ndi "move", funsani kuti chikusuntha n'chiyani: thupi, banja, mtima, kapena nkhani ya pamsonkhano? Kenaka funsani kuti akuchisuntha ndani: mwini wake, kapena wina wamphamvu kuposa iye? Mtsikana wanga wa ku Ntchisi adalakwa kumasulira, koma funso lake lidali la nzeru. Pamene mwamva kuti anthu asunthidwa, ndi bwino kufunsa kuti adalowera kuti.

Nazi ziganizo zitatu zoti mumasulire m'Chichewa ndi anzanu kapena ndi ana anu madzulo ano. Choyamba: "The market was moved to the other side of the road." Chachiwiri: "The widow's words moved the court." Chachitatu: "Who moved that the fees be raised?" M'chiganizo chilichonse yambani mwapeza chimene chasuntha, ndipo mudzaona kuti liwu loyenera la Chichewa libwera lokha.

Kwa inu amene muli pa ulendo, sindinena kuti "move well", chifukwa eni chiyankhulo satero. Iwo amati "safe journey". Ine ndinena m'chathu chomwe: yendani bwino. Ndipo inu otsala pakhomo, tsalani bwino mpaka sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.